Phungu amene anadzichotsa yekha chifukwa cha ndege

Usiku wanga woyamba ku Hounslow, dera la ku London loyandikana ndi bwalo la ndege la Heathrow, ndinadzidzimuka cha m'ma 4:30 mbandakucha ndikuyesa denga likugwa. Mawindo ankanjenjemera, m'chifuwa ngati wina akukokamo tebulo lolemera. Msuweni wanga, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, sanatsegule n'komwe maso. Anangoti, "Gonani asisi, imeneyo ndi ya ku Hong Kong. Ya ku Joni ikubwera pambuyo." Ndipo inabweradi.

Ine ndinakulira ku Dowa, kufupi ndi Lumbadzi, ndiye ndege sinali yachilendo kwa ine. Koma ndege ya kwathu inali mlendo wolemekezeka. Ikamveka tinkasiya phada n'kuthamangira pabwalo kukaibayibitsa, kenaka kumwamba kunkabwerera mwakale mpaka madzulo. Ku Heathrow n'zina. Bwaloli lili ndi misewu iwiri yokha yoterapo ndi kunyamukirapo ndege, koma limaloledwa maulendo 480,000 pa chaka. Masana ndege imatera pafupifupi masekondi 90 aliwonse. Ukayang'ana kum'mawa nthawi ya chisisira umaona magetsi ake atandandana m'mwamba ngati mikanda pa ulusi, ina kumbuyo kwa inzake, mpaka pamene maso alekezera. Pakati pa 11:30 usiku ndi 6 koloko m'mawa boma limalola maulendo 5,800 pa chaka, ndiye kuti ndege pafupifupi 16 usiku uliwonse, ndipo zambiri mwa izo ndi zija zoyamba kufika cha m'ma 4:30 kuchokera kutali.

Umu munali mu 2008. Dzina la Zac Goldsmith, phungu wa m'nkhani ino, ndinali ndisanalimvepo, ndipo ndikanapanda kupeza ntchito yosamalira gogo wina wachizungu m'dera la Richmond, mwina sindikanalilabadira.

Gogoyu anali mphunzitsi wopuma, miyendo itakana koma mutu uli gwa. Tsiku lawo lonse linkayendera ndege. Mphepo ya ku London nthawi zambiri imachokera kumadzulo, masiku pafupifupi 7 pa 10 aliwonse, ndipo popeza ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo, imayenera kudutsa pamwamba pa mzinda wonse, kutsikira ku Barnes, Kew, Richmond ndi Hounslow. Kuti anthu apumeko, pali dongosolo loti ndege zitere pa msewu umodzi kufikira 3 koloko masana, kenaka zisamukire pa winawo, ndipo sabata yotsatira amatembenuza. Ndiye gogo anali ndi kalendala kukhitchini yomwe anaichonga ndi pensulo. Sabata ino kabata ndi wam'mawa, tiyi tikamwera panja. Sabata ya mawa kabata ndi wamadzulo, mnzawo wa kutchalitchi abwere itakwana 3 koloko. Akamalankhula ndege n'kutulukira, ankaima pakati pa chiganizo, chala m'mwamba, n'kudikira. Ikadutsa ankapitiriza pomwe analekezera, ngati palibe chachitika. Patapita miyezi ndinadzipeza nanenso ndikuchita zomwezo pafoni ndi a kumudzi.

Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti phokoso si nkhani ya kukwiya chabe. Monga mphunzitsi, ankakonda kunena za kafukufuku amene anatuluka mu 2005, wa ana a sukulu za kufupi ndi mabwalo a Heathrow, Schiphol wa ku Netherlands ndi Barajas wa ku Spain, yemwe anapeza kuti ana a m'sukulu zaphokoso kwambiri amatsalira pa kuwerenga momvetsa. Mu 2013 kunatulukanso wina wosonyeza kuti m'madera aphokoso ozungulira Heathrow anthu ogonekedwa m'chipatala ndi sitiroko ndi matenda a mtima ndi ochulukirapo. Anthu opitirira 700,000 amakhala pansi pa phokoso lomwe akatswiri amaliwerengera kuti ndi losautsa. Palibe bwalo lina ku Ulaya lofikako.

Mu Januwale 2009 boma la Gordon Brown linavomereza kuti pa Heathrow pamangidwe msewu wachitatu wa ndege. Tsiku lomwe nkhaniyi inalengezedwa, phungu wa dera lomwe kuli bwalolo, John McDonnell, ananyamula ndodo yaulemu ya m'nyumba ya malamulo chifukwa cha mkwiyo ndipo anamuimitsa masiku 5. M'masiku omwewo gulu loteteza chilengedwe la Greenpeace linagula kamunda kakang'ono m'mudzi wa Sipson, pakati penipeni pa malo omwe msewuwo umati udutse, kuti boma likadzafuna kulanda lidzavutike. Pa anthu amene anaika maina awo pa kamundako panali akatswiri a zisudzo Emma Thompson ndi Alistair McGowan, komanso mnyamata wina wolemera wa zaka 33, Zac Goldsmith.

Kulemera kwake sikobisika ndipo n'kofunika m'nkhaniyi. Bambo ake, Sir James Goldsmith, anali mponda matiki weniweni, amene mu 1994 anayambitsa chipani chawochawo, Referendum Party, chofuna kuti anthu afunsidwe za ubale wa Britain ndi Ulaya. Mlongo wake Jemima anakwatiwapo ndi Imran Khan wa ku Pakistan. Iye mwini anakhala mkonzi wa magazini ya zachilengedwe, The Ecologist, yomwe anayambitsa ndi mbale wa bambo ake, kuyambira 1998 mpaka 2007. Anali wa chipani cha Conservative koma wokonda mitengo ndi mitsinje, mtundu wa munthu amene anzake a m'chipani amamuyang'ana cham'mbali.

Mtsogoleri wa chipanicho, David Cameron, anabwera ku Richmond mu 2009 n'kunena poyera kuti msewu wachitatu sudzamangidwa, popanda "ngati", popanda "koma". Goldsmith, amene ankafuna uphungu wa deralo, anaonjezerapo lake: chipani changa chikadzasintha mawu pa nkhani imeneyi, ndidzatula pansi udindo kuti mudzasankhenso. Mu Meyi 2010 anagonjetsa Susan Kramer wa Liberal Democrats ndi mavoti 4,091 n'kukhala phungu wa Richmond Park, ndipo boma latsopano linathetsadi pulani ya msewuwo.

Gogo sanamuvotere. Anali wa chipani chinacho kuyambira utsikana. Koma ndimakumbukira mmene ananenera, akupinda nyuzi pamwendo, kuti lonjezo lotere munthu salinena pagulu ngati sakudziwa kuti tsiku lolipira lidzafika. Ine ndinawamasulira mwambi wathu uja woti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndiulembe pa kalendala.

Chimene chinandikoka ine kwa mkuluyu, kunena zoona, sichinali ndege. Chinali nkhondo yake yachiwiri. Mu 2009 nyuzipepala ya Daily Telegraph inaulula momwe aphungu ankadyera ndalama za boma podzera m'maalawansi. Wina anafuna kubwezeredwa ndalama za kanyumba ka abakha, wina zoyeretsera ngalande yozungulira chinyumba chake. Anthu anakwiya kotheratu, ndipo zipani zonse zikuluzikulu zinalonjeza lamulo lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Koma bilu itafika, inali yothena. Inkati ovota angayambe kusaina pokhapokha khoti litamanga phunguyo, kapena aphungu anzake atamuimitsa. Goldsmith anati kumeneko n'kunamiza anthu: mphamvu yomwe umaigwiritsa ntchito pokhapokha wolakwayo ndi anzake atakuloleza si mphamvu yako. Iye anabweretsa njira ina. Anthu 5 pa 100 aliwonse a m'dera asaine kuti akufuna kuyambitsa nkhaniyo. Kenaka 20 pa 100 asaine chikalata chenicheni. Zikatero dera lonse livote ngati phunguyo achoke kapena ayi. Chifukwa chake chikhale chilichonse chimene ovota achiona kuti n'chokwanira.

Pomva izi ine mtima unathamangira kwathu. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 anali ndi Gawo 64, lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu wawo ngati theka la olembetsa m'kaundula wa dera lafuna chisankho china. Silinakhalitse. Mu 1995 aphungu eni ake analifufuta, lisanagwirepo ntchito ngakhale kamodzi. Kuyambira pamenepo, nyengo ya kampeni ikafika, pamapezeka wina wolonjeza kulibwezeretsa, ndipo akalowa m'nyumba muja nkhani imazilala ngati moto wa mapesi. Ndinkaganiza kuti imeneyi ndi nthenda yathu yokha. Ndiye pa 27 Okutobala 2014 ndinaonera pa kanema aphungu a ku Westminster, nyumba ya malamulo ya Britain, akukana maganizo a Goldsmith ndi mavoti 340 kwa 166, ndipo zifukwa zawo zinali zomwe zija ndinazimva pa wailesi ndili mtsikana: anthu adzagwiritsidwa ntchito ndi adani athu, olemera adzagula masiginecha, phungu sadzathanso kuvota motsata chikumbumtima chake.

Chovuta n'chakuti zifukwa zimenezi si zopusa zonse. Ndikaganiza za kwathu, komwe wogonja pa chisankho amayamba kampeni yotsatira mawa lake, ndikutha kuona thumba la chimanga likusanduka siginecha. Ndipo zinali zosavuta kuti Goldsmith asaope kuchotsedwa. Munthu amene sadalira malipiro a uphungu kuti alipire lendi kapena fizi angathe kusewera ndi mpando wake momwe wina sangathere. Komabe ndimaona kuti iye ndiye anali kumbali yolondola. Amene amalemba munthu ntchito ndiye ayenera kusunga kiyi wa chitseko, osati wolembedwayo.

Lamulo lothenedwa lija linadutsa mu 2015. Limati phungu akamangidwa, kapena akaimitsidwa masiku 10 a zokambirana, kapena akapezeka wolakwa pa kunama za maalawansi, ovota 10 pa 100 akasaina m'masabata 6 mpando umakhala wopanda munthu. Ndivomereze kuti laluma kangapo kuposa momwe ndinkayembekezera. Ian Paisley wamng'ono anapulumuka mwa mwayi mu 2018, masiginecha ataperewera pang'ono. Fiona Onasanya wa ku Peterborough anachotsedwa mu 2019, Chris Davies chaka chomwecho, Margaret Ferrier ndi Peter Bone mu 2023. Koma phungu amene wangonama pa kampeni, kapena wasowa m'dera zaka zinayi, lamuloli silimukhudza.

Pa nthawiyi nkhani ya msewu wachitatu inali itadzukanso. Boma lomwe lija la "popanda koma" linakhazikitsa komiti mu 2012, motsogozedwa ndi Sir Howard Davies, n'kuiuza kuti idzapereke lipoti chisankho cha 2015 chitadutsa. Aliyense anadziwa tanthauzo la kalendala yoteroyo. Goldsmith anapambananso mu Meyi 2015, tsopano ndi kusiyana kwa mavoti 23,015, ndipo pa 1 Julaye komiti inati msewu umangidwe kumpoto chakumadzulo kwa bwalo. Maulendo akwere kupitirira 700,000 pa chaka. Nyumba zopitirira 700 zigwetsedwe, mudzi wa Longford uthe, gawo lalikulu la Harmondsworth lipite. Ndinapitako ku Harmondsworth tsiku lina Loweruka. Kuli chinkhokwe chamatabwa chomwe chinamangidwa m'ma 1420, tchalitchi chakale ndi manda. Ndinaima pamandapo n'kumaganiza kuti kwathu mfumu ikanauzidwa kuti mudzi usamuke koma manda atsale m'mphepete mwa mpanda wa bwalo la ndege, nkhani yake ikanatha zaka.

Apa ndi pamene mkuluyu anayamba kundikhumudwitsa. Anafuna umeya wa London. Choyamba anachita chinthu chogwirizana ndi chiphunzitso chake: anatumiza makalata kwa ovota onse a m'dera lake, ndi ndalama zake, kuwafunsa ngati akumulola, ndipo ambiri mwa amene anayankha anavomera. Koma kampeni yomwe anachita polimbana ndi Sadiq Khan mu 2016 inali yonyansa. Inkayesa kumata Khan, Msilamu, mwana wa dalaivala wa basi, ku anthu a zauchifwamba, mosatchula mwachindunji koma momveka kwa aliyense. Ngakhale ena a chipani chake anaidzudzula. Ife obwera tinamva fungo lake msanga, poti mawu otere akayamba ndi mnzako, mawa ali pa iwe. Ife a m'maiko a Commonwealth okhala kuno movomerezeka timaloledwa kuvota, ndipo tsiku limenelo ndinadzuka m'mamawa kukavotera Khan. Goldsmith anagonja moonekeratu.

Patangotha miyezi isanu tsiku lolipira lija linafika. Pa 25 Okutobala 2016 boma la Theresa May linavomereza msewu wachitatu, ndipo tsiku lomwelo Goldsmith anatula pansi udindo. Ndinali kwa gogo madzulo amenewo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati sanayembekezere kuti adzachitadi. Nanenso sindinayembekezere. Ndaona andale ambiri, akuno ndi akwathu, akulumbira pa Baibulo, pa manda a amayi awo, ndipo ndinali ndisanaonepo ngakhale mmodzi akusiya mpando chifukwa cha mawu omwe ananena zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Anaima payekha pa chisankho chapadera cha pa 1 Disembala, akuti anthu avotere nkhani ya Heathrow. Chipani chake chakale sichinaimike munthu womutsutsa, zomwe zinapangitsa ambiri kufunsa ngati kuima payekhako kunali kwenikweni. Koma vuto lake lalikulu linali lina. Mu Juni chaka chomwecho dziko linali litavota zotuluka mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Goldsmith, mwana wa bambo ake, anali wa mbali yotuluka. Anthu a ku Richmond, pafupifupi 7 pa 10 aliwonse, anali a mbali yotsala. Ndipo Sarah Olney, mayi wowerengera ndalama amene analowa chipani cha Liberal Democrats chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, nayenso ankakana msewu wachitatu. Ndiye panalibe chosankha pa za ndege, onse ankaimba nyimbo imodzi. Anthu anavotera bala lomwe linkawawawa. Mavoti 23,015 aja anasungunuka, Olney n'kupambana ndi 1,872.

Ndimabwererabwerera pa usiku umenewo chifukwa ndi pomwe chiphunzitso chake chinamutembenukira, ndipo chinagwira ntchito ndendende momwe iye ankafunira. Iye ndi amene anauza nyumba ya malamulo kuti ovota asamapatsidwe mndandanda wa zifukwa zololedwa, kuti chifukwa ndi chimene iwo asankha. Anawaitana kuti adzayankhe funso la ndege, iwo anabwera ndi funso lawo. Wapatsa munthu mpeni, sungamuuzenso kuti adule nyama yokha. Gogo anavota kudzera pa positi, ndipo sanandiuze kuti avotera ndani. Ndinafunsa kawiri. Kachiwiriko anakweza chala m'mwamba ngati kukubwera ndege, koma kunja kunali zii.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikulemba nkhani ya munthu wamawu ake. Koma mu Juni 2017 anaimanso, tsopano atabwerera ku Conservative, chipani chomwe m'manifesito ake a chaka chimenecho munali kukuza Heathrow. Anatenganso mpando ndi mavoti 45 okha. Pa 25 Juni 2018 nyumba ya malamulo inavomereza msewuwo ndi mavoti 415 kwa 119. Goldsmith anavota kukana, zimenezo tisamulande. Mnzake Boris Johnson, amene mu 2015 analonjeza kuti adzagona kutsogolo kwa mathirakitala ogumula, tsiku limenelo anapezeka ali ku Afghanistan pa ulendo wa boma.

Mu Disembala 2019 Olney anamugwetsanso, ulendo uno ndi mavoti 7,766. Panalibe chokayikitsa, anthu anali atanena kawiri. Sabata isanathe bwino kunamveka kuti Johnson, yemwe tsopano anali nduna yaikulu, wamupatsa mpando m'nyumba ya ma Lord, yomwe mamembala ake savoteredwa ndipo amakhalamo moyo wonse, kuti apitirize kukhala nduna ya zachilengedwe. Dzina lomwe anatenga ndi Lord Goldsmith of Richmond Park, dzina la dera lomwe linali litangomukana. Munthu amene anathera zaka akumenyera kuti wandale aliyense azitha kuchotsedwa ndi anthu anakakhala pa mpando womwe palibe siginecha, palibe voti, ingamufikire.

Anzanga ena amati ndimamuweruza mopyola. Amati pa unduna anagwira ntchito yeniyeni pa nkhani za nkhalango ndi nyanja, ndipo mu Juni 2023 anatulanso pansi udindo akudzudzula Rishi Sunak, nduna yaikulu ya nthawiyo, kuti alibe chidwi ndi chilengedwe. Ena amakumbutsa kuti anatula patangopita tsiku limodzi komiti ya nyumba ya malamulo itamutchula pa anthu amene ananyoza kafukufuku wake wokhudza Johnson. Zonse ziwiri n'zoona. Ine chimene ndimalephera kumeza ndi chaching'ono: akanatha kukana. Munthu yekhayo m'ndale za kuno amene ndinamuona akusonyeza kuti kusiya mpando n'kotheka ndi yemwenso anasonyeza kuti kwa anthu ena pansi sipafikika, pamakhala matiresi nthawi zonse.

Nawo msewu wachitatu uli ngati mlandu wa munda, sufa ndipo sutha. Mu Febuluwale 2020 khoti la apilo linati boma linalakwa posaganizira pangano la ku Paris la zanyengo. Mu Disembala chaka chomwecho khoti lalikulu kwambiri linatembenuza chigamulocho. Pakati apo mliri wa Covid unaimitsa ndege, ndipo kwa miyezi ingapo ku Hounslow tinamva mbalame. Gogo sanaione nyengo imeneyo, anali atatisiya chaka cham'mbuyo. Ndinkaganiza za iwo m'mawa uliwonse, kuti kalendala ija ikanakhala yopanda ntchito. Pofika 2024 bwalo linanyamula anthu pafupifupi 84 miliyoni, kuposa kale lonse, ndipo mu Januwale 2025 nduna ya zachuma Rachel Reeves, wa chipani cha Labour, inalengeza kuti boma likufuna msewuwo umangidwe.

M'nyumba mwathu nkhaniyi sitigwirizana. Mwamuna wa msuweni wanga amagwira ntchito yokonza m'ndege usiku, ndipo theka la anthu a kutchalitchi kwathu amadya za pabwalo pomwepo: onyamula katundu, alonda, ophika, oyendetsa mabasi. Kwa iwo phokoso ndi nsima. Alamu anga amati anthu a ku Richmond ali ndi minda ya maluwa ndi agwape m'paki, n'chifukwa chake ali ndi nthawi yodandaula za kumwamba. Sindiwatsutsa kwambiri, poti nanenso ndikamapita kumudzi ndimakwera zomwezo, ndipo pobwera ndimatsikira pamwamba pa madenga a anthu akugona. Kungoti ana awo ndi amene amaphunzira m'sukulu za pansi penipeni pa njira ya ndege, osati ana a ku Richmond.

Mwezi watha ndinkafotokozera malume anga nkhani yonseyi pafoni. Iwo ndi munthu wa ndale za pansi pa mtengo, ndipo za Gawo 64 amazinena ngati ng'ombe yomwe anaberedwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye mukuti anthu anamukana kawiri, a boma n'kumupatsa mpando wina wosatha? Iwe mwana wa mlongo wanga, ulendo wonsewo kukaona zimenezo? Kuno wotere timangomutumiza ku ukazembe."

Ndinati ndiwayankhe kuti komabe uyu anayamba wadzichotsa yekha, kuti zimenezo kwathu sizinachitikepo m'maso mwanga. Koma inali itadutsa 3 koloko, ndipo sabata imeneyo madzulo anali athu.

"Dikirani kaye malume," ndinatero. "Ndege."